Kabotolo ka Malovu a Verne

Mtengo wa Khirisimasi anautulutsa pa 3 Januwale. A Verne anaugwira chakutsinde, nsonga ikukhwekhwereza pansi, n'kukauponya kuseri kwa nyumba kumene chipale chofewa chinali chitafika kale m'mawondo. Mkazi wawo Marlys anatsala m'nyumba ndi tsache, akusesa timasamba take tija tonga singano. Anasesa kawiri koma tinkangotulukabe m'kapeti. Anasiya, n'kukhala pampando tsache lili m'manja.

M'nyumba munali zii. Sabata yathayo munali mwana wawo Krista, mwamuna wake ndi ana awo awiri, phokoso lokhalokha, nsapato zonyowa pakhomo, mbale zosatha kutsuka. Tsopano onse anali atabwerera kwawo ku Minneapolis, m'firiji mutatsala fupa la nyama ya nkhumba limene palibe ankafuna kulionanso. Zaka zonse Marlys ankalira pang'ono galimoto ya Krista ikamakhota pamsewu. Chaka chino anaima pazenera kudikira misozi, koma sinabwere. Anangopita kukachapa nsalu za pabedi.

Patebulo la kukhitchini panali mulu wa mphatso zokabweza. Kwathu kuno ndi mmene timachitira. Mphatso timailandira tikumwetulira, n'kumati abale inu munadziwa bwanji kuti ndimafuna chimenechi, koma Januwale akangolowa tonse timakapezana pamzere kusitolo, aliyense atabisa zake m'jumbo. Woperekayo nayenso amadziwa, n'chifukwa chake amatsekera m'bokosimo karisiti kosalemba mtengo. Pamulu wa Marlys panali juzi yofiirira yochokera kwa mlamu wake Ardis, yaikulu ngati anaipimira anthu awiri, panali kandulo yonunkhira ngati mankhwala a chifuwa, ndiponso makina ophikira buledi. Makinawo anali achiwiri. Oyamba aja anali asanatulukemo n'komwe m'katoni mwake.

A Verne okha ndiye sankabweza kanthu. Munthu ameneyu ungamupatse chipewa cha mwana amavala ndithu, kupita nacho kutchalitchi makutu ali pamtunda. Ankati munthu akakuganizira wakuganizira, basi. Zaka makumi anayi za ukwati wawo Marlys wakhala akuwaseka chifukwa cha khalidwe limeneli. Chaka chino silinamuseketse.

Mphatso imene Krista anapatsa bambo ake inalibe risiti. Kanali kabokosi koyera, kopepuka, m'kati muli kabotolo ka pulasitiki. Umalavuliramo malovu mpaka pamzere, kutseka, n'kutumiza pa positi. Pakatha milungu isanu ndi umodzi a kampani amakuuza pa kompyuta kumene makolo ako anachokera, amakupatsanso mayina a anthu onse amene anayezetsa omwe ndi abale ako, ndi ubale wake womwe. Krista anali atayezetsa kale chaka chatha. Ndiye tsiku la Khirisimasi masana, anthu akudya, anafotokoza maso ali pa foni kuti pamndandanda wake abale a amayi ake onse akuwadziwa, koma pali gulu la anthu a ku Manitoba a mayina a Chifalansa amene sanawamvepo chibadwire. Ankaseka kuti malemu agogo ake, a Tollefson, ayenera kuti anali ndi banja lina kutsidya kwa malire.

"Mukayezetsa inuyo, adadi, tidziwa kuti anthu amenewa analowa bwanji."

A Verne anakatembenuza kabokosiko, kuwerenga zolembedwa kumbuyo, n'kuthokoza monga mwa nthawi zonse.

Marlys ankadziwa mmene anthu amenewo analowera. Chaka cha 1985 a Verne anapita ku Alaska kukayendetsa malole, kuyambira Ogasiti mpaka Disembala. Mu Okutobala, nthawi yokumba mabiti, mbewu yonga mbatata imene amapangira shuga, kunabwera aganyu ambiri ndipo mmodzi wa iwo, Lucien, ankadyera pa lesitilanti imene Marlys ankagwirapo ntchito. Zinatenga milungu itatu. Mabiti atatha Lucien anabwerera kwawo, Marlys sanamvenso za iye ndipo sanafunenso kumva. Krista anabadwa mu Julayi, anthu n'kumati mwana wafulumira. Ndiye kompyutayo sikananena za agogo ayi. Ikanangolemba kuti a Verne ndi Krista si pachibale, ndipo woyamba kuwerenga akanakhala Krista yemweyo.

Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu Marlys wakhala ndi mantha a tsiku limeneli. Mwana akadwala n'kupita naye kuchipatala, mtima unkakhala m'mwamba. Munthu akangoti mwanayu watengera ndani, thukuta. Koma tsikulo litafika, litakulungidwa m'pepala lofiira ndi kariboni pamwamba, sanamve kanthu. Zinali ngati tsaya limene adokotala a mano alibaya jakisoni, umaligwira ndi chala n'kumadziwa kuti ndi lako, koma osalimva. Anadya, anagona, anatsuka mbale. Tsiku lililonse ankayang'ana kabokosiko pamwamba pa firiji n'kumadutsa.

A Verne analowa akukutumula chipale kunsapato. Anasamba m'manja, kenako anatenga kabokosi kaja pamwamba pa firiji n'kukasanjika pamulu wa zokabweza. Kanali kotseka kale, komata bwinobwino.

"Poti mukupita kutauni, mukaponyeko aka. Sitampa inalipo kale."

Marlys anafunsa kuti alavulira liti. Anati m'mawa, iye asanadzuke. Anawonjeza kuti Krista waimba kale kawiri kufunsa, ndiye ndi bwino kungothana nazo. Atatero anatulukanso kukakankha chipale pakhomo la galaja kuti galimoto ituluke.

Kuchoka kwawo kukafika kutauni ya Grand Forks ndi mphindi makumi anayi. Msewu wake ndi wowongoka kuti tswii, uku ndi uku minda yoyera mbee, osadziwa pamene nthaka yathera ndi pamene thambo layambira. Marlys anaika zokabweza kumbuyo, kabokosi kaja m'chikwama chake cha m'manja pampando wapambali. Wailesi inali itasiya nyimbo za Khirisimasi, ikunena za mitengo ya soya.

Anayesa kuganiza, poti nthawi inalipo. Kukataya pazenera? Pakatha milungu isanu ndi umodzi Krista aimba kukampani, amutumizira kena, mwana uja salephera chinthu akachifuna. Kukhuthula n'kulavuliramo yekha? Kompyuta ikanena kuti Verne Tollefson ndi mkazi ndipo ndi mayi ake a Krista. Kuwauza a Verne? Mawu ake anawakonza kalekale, akutsuka mbale, akusita, ali m'tchalitchi, koma lero atawafufuza anapeza ngati ndi nkhani ya munthu wina imene anaimva pa wailesi. Ankadziwa kuti ayenera kuopa. Ankadziwa kuti Krista amawaimbira bambo ake Lamlungu lililonse, kuti a Verne amasunga m'chikwama chawo chithunzi cha mwanayo ali ndi mano awiri. Zonsezi ankazidziwa ngati mmene munthu amadziwira nambala ya nyumba yake.

Kusitolo mzere wa obweza katundu unali utafika mpaka pamene amagulitsira nsapato. Anthu onse anali ndi nkhope imodzi, yotopa, majekete ali otsegula. Zokongoletsera za Khirisimasi anali ataziunjika m'ngolo pakona, zatsika mtengo, ndipo pamashelefu anali atayamba kale kuyala timitima tofiira ta tsiku la okondana la mu Febuluwale. Marlys anaima kumapeto, katoni ya makina a buledi ili pamapazi, akuikankha ndi phazi mzere ukasuntha.

Patsogolo pake, kudumpha anthu atatu, panali chipewa chobiriwira chimene ankachidziwa. Anali Ardis, mchemwali wa a Verne, mwini juzi yofiirira uja. Ardis anatembenuka, maso anakumana, aliyense n'kukankhira jumbo yake kumbuyo. Koma m'jumbo ya Ardis munkasuzumira mchira wa sikafu ya buluu imene Marlys anamugulira. Ardis analola anthu atatu aja kuti adutse kuti aime limodzi ndi mlamu wake, n'kuyamba kudandaula za msewu, za bondo lake, za mwana wake amene sanabwere chaka chino.

Ardis ndi munthu woti akafuna kukubaya amayamba wakufunsa za thanzi lako. Atamaliza za bondo anati Krista anamuimbira nayenso, kumufunsa ngati bambo awo, malemu a Tollefson aja, ankapitapita ku Manitoba. Anati anamuseka mwanayo, poti bambo awo chibadwire sanawolokepo malire, ngakhale ku Fargo, tauni yapafupi, ankapita mokakamizidwa.

"Kwathu kulibe Afalansa, alamu. Ine ndinamuuza choncho. Kaya kwanuko."

Anatero akuyang'ana mashelefu, osati Marlys. Zaka zapitazo mawu amenewa akanamusowetsa tulo mwezi wathunthu. Lero anangoona kuti Ardis wadzola zofiira zambiri pamilomo, zina zapaka mano. Anayankha kuti kwawonso kulibe, n'kukankha katoni ndi phazi.

Atafika pakauntala, mayi wolandira katunduyo anafunsa, osadzutsa mutu, chimene chalakwika ndi makinawo. Marlys anati palibe, sakuwafuna basi. Juzi anaitulutsa Ardis ali pambali pomwepo, Ardis naye n'kutulutsa sikafu yake pa kauntala ina, onse maso ali kutsogolo ngati anthu osadziwana m'basi. Kandulo yokha anaikana chifukwa chingwe chake chinali chakuda. A Verne anali ataiyatsa tsiku la Khirisimasi kuti woperekayo aone kuti yagwira ntchito. Marlys anaibwezera m'jumbo. Potuluka anaisiya pamwamba pa bini, mwina wina angaifune.

Positi ofesi ili pamsewu womwewo. Anaimika galimoto pafupi ndi bokosi la buluu loponyamo makalata, injini osazimitsa. Pambali pa bokosilo panali bini ya zinyalala, kutalikirana kwake mapazi awiri okha. Anakhala m'galimoto akuyang'ana ziwirizo. Kunabwera bambo wina wachikulire n'kuponya makalata, kunabwera mayi ndi galu wovala juzi. Galasi linayamba kuchita nthunzi.

Anthu amaganiza kuti zinthu zazikulu munthu amazichita atalingalira. Bodza. Marlys anatuluka m'galimoto chifukwa miyendo inayamba kuzizira. Kabokosi kanali m'manja. Anali wotopa, kutopa kwa zaka zonse zija, kutopa kolondera pakhomo limene palibe akugogoda. Mumtima munangobwera mawu amodzi akuti zichitike basi. Anakoka chitseko cha bokosi la buluu lija, kuikamo kabokosiko, n'kusiya. Kanagwera pamakalata ena, osamveka n'komwe. Anaima pang'ono kudikira kuti mwina tsopano amva kanthu, koma anangomva mphepo m'makutu. Anakumbukira kuti kunyumba mkaka watha, n'kupita kukagula.

Pobwerera dzuwa linali litapendeka, poti mu Januwale kuno sikuchedwa kuda. Panjira anatsimikiza chinthu chimodzi, kuti a Verne asamve kwa Krista kapena kwa kompyuta. Awauza yekha lero lomwe, asanavule n'komwe jekete. Ananena mawuwo mokweza m'galimoto kamodzi kuti aone ngati atuluka. Anatuluka bwinobwino, ngati akuwerenga mndandanda wa zokagula.

Anawapeza a Verne ali pachitofu, akutakasa supu ya nyemba imene anaphikira fupa lija. Anavala masokosi a mphatso, a mizeremizere, okhala ndi zala ngati magolovesi. Mbale ziwiri zinali kale patebulo. Marlys anaika mkaka m'firiji n'kuima pakati pa khitchini, jekete ili m'thupi. A Verne anafunsa ngati makina a buledi awalandira. Anati awalandira. Anafunsa za msewu. Kenako, msana uli kwa iye, anafunsa ngati kabokosi kaja wakatumiza.

"Ndatumiza," anatero Marlys.

Chikombe chinasiya kuzungulira mumphika. A Verne anatembenuka n'kumuyang'ana nthawi yaitali, ngati mmene amayang'anira thambo akafuna kudziwa ngati kugwe chipale.

"Mwatumiza ndithu?"

"Ndithu. Ndaponya ndekha. Verne, khalani pansi, pali zoti ndikuuzeni."

Sanakhale pansi. Anazimitsa chitofu, kupukuta manja pathaulo, kulipinda, n'kuliika pamalo pake.

"M'kabotolomo mulibe malovu," anatero. "Ndinathiramo madzi a pampopi, ndi kasopo pang'ono kuti achite thovu. A kampani akalemba kuti zakanika. Akatumiza kena ndithiramonso madzi, mpaka Krista atope."

Firiji inkalira. Marlys anagwira mpando, osati chifukwa choti agwa, koma manja analibe pena pokhala. Anafunsa kuti akhala akudziwa kuyambira liti. A Verne anati kuyambira tsiku loyamba. Namwino atatuluka kudzawauza kuti mwana walemera mapaundi asanu ndi anayi, anakhala pabenchi ya m'chipatalamo n'kuwerenga miyezi ndi zala, kawiri. Mwana wa miyezi isanu ndi iwiri salemera choncho. Anati anakhala pabenchipo mwina theka la ola, makiyi a galimoto ali m'manja. Kenako anawabwezera m'thumba n'kulowa kukamunyamula mwanayo. Sanafune kudziwa dzina la munthuyo nthawi imeneyo, ndipo sakulifuna lero.

Anazinena zonsezi ndi mawu awo a masiku onse, omwe amanenera za matayala ndi mitengo ya dizilo. Marlys anaganiza za Khirisimasi zonse, za chakudya chonse chimene anadya patebulo limeneli, iye atakhala uku akubisa, iwo atakhala uko akumuthandiza kubisa. Anafunsa kuti nanga bwanji anamupatsa kabokosiko, ngati ankadziwa.

"Ndimati mukataya panjira," anatero a Verne. "Ndimati mukataya, mubwere mundiuze kuti mwatumiza, ine ndivomere, basi tidye. Madziwo ndinathira chifukwa sindinafune kuti chenichenicho chikhale m'nyumba muno ngakhale ola limodzi. Sindinaganizepo kuti angagwire ntchito."

Anatenga chikombe n'kuyamba kutunga supu. Supu ina inatayikira patebulo. Marlys anali asanawaonepo akutaya chakudya.

"Inu simunkadziwa kuti ndi madzi, Marlys."

"Sindinkadziwa."

"Ndiye mwaponya mukudziwa kuti ndi malovu anga. Mukudziwa zimene mwanayo akawerenge." Anaika chikombe pansi. "Ine zaka zonsezi sindinakupempheni kanthu. Sindinakufunseni kanthu. Chimene ndinali nacho ndi mwana ameneyu basi, ndiye inu mwakamuponya m'bokosi la positi pobwera kogula mkaka."

Marlys anafuna kunena kuti anaponya asanagule mkaka, kenako anaona kupusa kwake. Anafuna kunena kuti anali wotopa, kuti sankamva kanthu, kuti ankaganiza za iye yekha ndi katundu wake, osaganizako n'komwe kuti chimene akuponyacho ndi cha munthu wina. Zonse zinali zoona, ndipo panalibe ndi chimodzi chomwe chimene chikanathandiza.

Dzanzi lija linayamba kutha pamenepo. Linatha ngati mmene limathera phazi ukaligonera, mobaya, paliponse nthawi imodzi. Anachita manyazi, manyazi enieni otentha kumaso, ndipo anawamvera chisoni amuna ake kuposa mmene anamverapo munthu aliyense. Misozi imene anaidikira pazenera tsiku lija inabwera tsopano, yambiri, pa nthawi imene inalibe ntchito. Anatchula dzina lawo.

A Verne anapukuta supu inatayika ija ndi thaulo. Anakankhira mbale ya Marlys pamalo pake pa masiku onse, n'kuika supuni pambali. Anamuuza kuti Krista akaimba Lamlungu amuuze kuti zinatumizidwa, asawonjezepo kanthu, ndipo nkhani imeneyi mwanayo asadzaimve kwa aliyense iwo ali moyo. Kenako anavala jekete, kunyamula mbale yawo ndi manja awiri, n'kukankha chitseko ndi phewa kupita kukadyera kugalaja, kumene kulibe moto.